Dzimbiri ndi Nchito Yokonzanso Galimoto Yakale

Lero tikambirana za dzimbiri, mdani wamkulu wa citsulo, ndiponso za nchito ya amisiri amene amatenga galimoto yakale yoonongeka ndi kuibwezera pa mseu. Aphunzitsi, coko cikhale pafupi, pakuti pali mau oyenera kulembedwa pa bolodi, ndipo pothera pace tidzakupatsani nchito yoti mucite pamodzi ndi ana.

Tiyambe ndi mbiri ya mtundu umodzi wa galimoto. M'caka ca 1948 kampani ya Rover ya ku Solihull, m'dziko la England, inaonetsa galimoto yatsopano yochedwa Land Rover pa cionetsero ca magalimoto ku Amsterdam. Panali patangopita zaka 3 cithere nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo citsulo cinali cosowa, kotero kuti boma la Britain linali kugawira makampani mocepa-cepa. Cifukwa ca ici Maurice Wilks ndi anzace anapanga thupi la galimotoyo ndi aluminiyamu, imene inali kupezeka mosabvuta, ndipo citsulo anacisungira mbali zofuna mphamvu. Mbali yaikulu mwa izo ndiyo chasisi, mitanda ya citsulo ya kunsi imene imanyamula injini, thupi ndi katundu, monga momwe mafupa amanyamulira thupi la munthu.

Pa 1 Sepitembala 1955 anyamata 6 a ku mayunivesite a Oxford ndi Cambridge ananyamuka ku London pa magalimoto awiri a mtundu umenewu, ndipo anafika ku Singapore pa 6 Marichi 1956, atayenda mamailosi pafupi-fupi 18,000. Galimoto imodzi anaicha Oxford, inzace anaicha Cambridge. Pambuyo pace Oxford inatumizidwa ku cilumba ca Ascension kukathandiza akatswiri ofufuza za mbalame, ndipo kenaka inakathera ku cilumba ca St Helena, pakati pa nyanja ya mcere ya Atlantic. Kumeneko inakalamba nileka kuyenda. M'caka ca 2017 inabwezedwa ku England, amisiri anaikonza, ndipo m'caka ca 2019 inayendanso ulendo wautali kucokera ku Singapore, nifika ku London m'mwezi wa Disembala. Inali ndi zaka zoposa 60.

Nafenso kuno kwathu tiri ndi galimoto ya mtundu womwewo imene iri ndi mbiri. Ku nyumba nambala 394 ku Chilenje, mu Lusaka, kumene a Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 kufikira 1962, kunasungidwa Land Rover imene inagwira nchito m'masiku omenyera ufulu. Zinthu zotere zikadyedwa ndi dzimbiri kufikira kutha, ana a mtsogolo adzangomva m'makutu zimene akadaona ndi maso.

Tsono dzimbiri n'ciani? Ana inu, nonse munaonapo khasu limene linagona pa mvula, mmawa mwace liri ndi mawanga ofiira. Kuti dzimbiri libadwe pamafunika zinthu 3: citsulo, madzi, ndi mpweya wochedwa okosijeni, umene uli gawo limodzi mwa magawo 5 a mpweya umene timapuma. Zitatuzi zikakumana, citsulo cimasanduka cinthu cina cofiira ndi cofumbutuka, copanda mphamvu konse. Mukacotsapo cimodzi, dzimbiri silibadwa. Mcere umafulumizitsa nchito imeneyi, ndico cifukwa cace galimoto ya m'mbali mwa nyanja ya mcere, kapena ya ku maiko ozizira kumene amathira mcere pa miseu kuti cipale cisungunuke, imaonongeka msanga kuposa ya kuno. Komabe nafenso tiri ndi mdani wathu, ndiye matope a m'dzinja, amene amamatirira kunsi kwa galimoto ndi kusunga cinyezi kwa masabata ambiri.

Kuipa kwa dzimbiri n'kwakuti limatupa ndi kusendeka. Likasendeka limasiya citsulo catsopano pamtunda, madzi amafikanso, ndipo kudyako kumapitirira kufikira paboola. Aluminiyamu nayo imakumana ndi okosijeni, koma iyo imapanga kakhungu kopyapyala kolimba kamene kamamatirira ndi kuchinga za m'kati. Ndico cifukwa cace Land Rover yakale imaoneka yamoyo kunja pamene chasisi yace yatha. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Palinso cinthu cina: pamene aluminiyamu yakhudzana ndi citsulo, cinyezi ciri pomwepo, aluminiyamu ndiyo imadyeka, nisanduka ufa woyera. Izi zimaoneka kawiri-kawiri kunsi kwa zitseko ndi pozungulira mabawuti.

Mwina wina afunsa kuti, kodi galimoto ikakhala ndi dzimbiri koma iri kuyenda, pali bvuto lanji? Bvuto liripo, ndipo ndi la moyo. Masipuling'i amene amagwira mawilo amamangidwa ku chasisi. Malo amenewo akathyoka galimoto iri pa liwiro, woyendetsa sangathe kuiongola. Timapaipi ta mabuleki nato n'tacitsulo. Tikabooka, mafuta a mabuleki amatayika, ndipo galimoto siima. Motero mmisiri amene amalimbana ndi dzimbiri amateteza anthu amene adzakwera.

Tsopano tione mmene mmisiri wabwino amagwirira nchito yace. Coyamba amafufuza. Amatsuka matope onse, nayamba kugogoda chasisi ndi nyundo yaing'ono kucokera kutsogolo kufikira kumbuyo. Citsulo camoyo cimalira bwino, koma cobvunda cimamveka ngati mwagogoda cikuni cofumbwa, ndipo nthawi zina nyundo imangolowa. Mitanda ya chasisi iri ndi mphako m'kati, mmene madzi ndi matope zimabisala, comweco imayamba kudyeka m'kati, kunja kusanaoneke kanthu. Malo amene amabvuta kwambiri ndiwo mtanda wa kumbuyo kweni-kweni, timikono timene timanyamula thupi, ndi cipupa ca citsulo cimene cimalekanitsa injini ndi pokhala anthu, maka-maka poponda mapazi. Pa magalimoto a thupi la citsulo mmisiri amayendetsanso maginito. Pamene maginito akana kugwira, amadziwa kuti wina anamatapo phala lambiri kubisa cibowo. Pa aluminiyamu njira imeneyi sithandiza, pakuti maginito sagwira aluminiyamu.

Caciwiri amamasula galimoto. Nchito imeneyi imafuna dongosolo. Mabawuti a citseko amaikidwa m'thumba lace, a nyali m'thumba lace, ndipo thumba liri lonse limalembedwa dzina. Mmisiri amajambulanso zithunzi asanamasule, cifukwa nchito yotere ingatenge miyezi kapena zaka, ndipo mutu umaiwala. Bawuti logwidwa ndi dzimbiri amalithira mafuta ndi kulisiya ligone, kapena kulitenthetsa, m'malo molikakamiza kufikira lithyoke.

Cacitatu amacotsa penti yakale ndi dzimbiri kufikira citsulo coyera cioneke. Amagwiritsa nchito bulashi ya waya, sandipepa, kapena makina opemerera mcenga mwamphamvu. Makina amenewa ndi abwino pa chasisi, koma pa aluminiyamu yopyapyala amapinda ndi kuononga. Dzimbiri la pamwamba limatha ndi kupala. Koma pamene citsulo capyapyala kapena cabooka, mankhwala ace ndi amodzi okha, ndiwo kudula. Monga mmene mayi amacotsera mbali yoola ya dzungu kufikira afike pabwino, mmisiri amadula kufikira afike pa citsulo camoyo, pakuti sungaocherere pa dzimbiri.

Cacinai amapanga cigamba. Amayamba wadula katoni molingana ndi cibowo, pakuti katoni ndi wosabvuta kudula ndi kupinda, ndipo akalakwa sataya kanthu. Katoni akakwana bwino, amamuika pa citsulo catsopano ca kunenepa kofanana ndi cakale, nalemba m'mbali, nadula. Poocherera sayendetsa moto ulendo umodzi kuzungulira cigamba conse. Amadontheza pano, nalumpha kukadontheza uko, nadikira kuti pazizire, cifukwa citsulo cikatentha cimafutukuka, ndipo cikazizira cimakokana ndi kupindika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatha amapala poocherera paja kufikira dzanja lisamve pamene cakale cathera ndi pamene catsopano cayambira.

Cacisanu amaongola mopindika. Iyi ndiyo nchito ya mapanobita. Dzanja limodzi limagwira citsulo colemera cosalala kuseri, lina limamenya ndi nyundo pang'ono-pang'ono, kuyambira m'mbali mwa popindika kupita pakati. Aluminiyamu ikamenyedwa kwambiri imauma ndi kung'aluka, comweco mmisiri amayamba waifewetsa ndi moto. Koma pano pali msampha. Citsulo cikatentha cimafiira, nicicenjeza mmisiri, pamene aluminiyamu sisintha maonekedwe; imangosungunuka pa madigiri 660. Amisiri anapeza nzeru yace: amapaka sopo wochapira pamalopo ndi kutenthetsa, ndipo sopo akada amadziwa kuti moto wakwana. Timaenje totsala amatimata ndi phala lochedwa fila, mopyapyala kwambiri. Mmisiri wacinyengo amadzaza fila m'cibowo ca dzimbiri ndi kupentapo. Galimoto imawala kwa miyezi yowerengeka, kenaka penti imatupa ndipo cibowo cimabwerera cokulirapo.

Cacisanu ndi cimodzi amachinga citsulo kuti madzi ndi mpweya zisacifikirenso. Amayamba ndi penti ya pansi yogwira citsulo, ndipo aluminiyamu iri ndi penti yace-yace ya pansi, cifukwa penti wamba imasendeka pa iyo. Pamwamba pace amapopera penti ya mtundu, kawiri kapena katatu. M'mphako za chasisi amapoperamo mafuta osakaniza ndi phula, natsegula timabowo totulutsira madzi. Pokumana aluminiyamu ndi citsulo amaikapo mphira kapena penti kuti zisakhudzane. Njira yolimba koposa ndiyo kumiza chasisi yonse mu zinki yosungunuka, yotentha madigiri pafupi-fupi 450. Zinki imakuta citsulo, ndipo ngakhale pakandike, zinki ndiyo imayamba kudyeka, citsulo n'kupulumuka. Malata a pa denga la sukulu yanu anakutidwa motero. Mgodi wa ku Kabwe unali kutulutsa zinki pamodzi ndi mtovu kufikira unatsekedwa m'caka ca 1994.

Ana inu, cherani khutu bwino pa mau awa. Pa galaja si malo oseweretsa. Musayang'ane kuwala kwa moto woocherera ndi magetsi, ngakhale muli patali, pakuti kumapsereza maso, ndipo ululu wace umayamba patapita maola angapo. Thanki ya petulo imene yatha mafuta imakhalabe ndi mpweya wa petulo, umene umaphulika ukakumana ndi moto; mmisiri wanzeru amaicotsa asanayatse moto. Munthu asalowe kunsi kwa galimoto imene yaimikidwa pa jeke yokha. Fumbi la penti yakale nthawi zina limakhala ndi mtovu, umene umaononga ubongo wa ana, ndipo utsi wa zinki yotenthedwa umadwalitsa. Ndico cifukwa cace mmisiri amabvala cochinga maso ndi cochinga mphuno, nagwirira nchito pamalo popita mphepo.

Aphunzitsi, nayi nchito yoti mucite ndi ana. Pezani mabotolo 4 oonekera m'kati ndi misomali 4 ya citsulo wamba, yosakutidwa ndi zinki, ndipo muipale ndi sandipepa kufikira iwale. M'botolo loyamba thirani madzi a pa citsime kufikira pakati pa msomali, nimulisiye losatseka. M'laciwiri citani cimodzi-modzi, koma madziwo musungunuliremo mcere. M'lacitatu thirani madzi amene awiritsidwa kwa mphindi zingapo, amize msomali wonse, ndipo pamwamba muthirepo mafuta ophikira. Kuwiritsa kumatulutsa mpweya m'madzi, ndipo mafuta amauletsa kubwerera. Lacinai muliumitse bwino pa dzuwa, muikemo msomali wouma, nimulitseke zolimba. Kuwiritsa madzi kukhale kwa inu aphunzitsi. Ana azijambula misomaliyo m'makope mwao tsiku liri lonse kwa sabata imodzi.

Sabata ikatha, afunseni mafunso awa. Ndi misomali iti imene yacita dzimbiri, ndipo ndi iti imene yatsala yoyera? M'botolo lacitatu munasowa ciani? Nanga m'lacinai? Cifukwa ninji mmisiri amayamba wadula katoni asanadule citsulo? Cifukwa ninji njinga imapakidwa mafuta pa cheni?

Pomaliza, yendani ndi ana kuzungulira sukulu, ndipo alembe zinthu zonse za citsulo zimene zayamba dzimbiri: makasu ndi mafosholo a ku munda wa sukulu, wilibala, mafelemu a mazenera, miyendo ya madesiki. Zimene zingapalidwe azipale, azipukute, azipake mafuta kapena penti, ndi kuzisunga pouma. Khasu losambitsidwa ndi kuumitsidwa tsiku liri lonse limatumikira zaka zambiri, ndipo ndalama zimene zikadagula lina zimagula mabuku. Mwana amene waphunzira kusamala khasu wayamba kale nchito ya umisiri, ndipo mwina pakati panu pali amene adzaukitsa galimoto imene anthu onse anaitaya.