NANKAFUMBWE WA M'THUMBA

Mau olalikidwa pa msonkhano wa mpingo ndi aphunzitsi a m'midzi, m'nyengo ya masika. Kuwerenga: Genesis 41.

Abale ndi alongo okondedwa, ndi inu aphunzitsi amene mwayenda mtunda wautali kudza kuno:

Tasonkhana m'nyengo yabwino. Cimanga cauma, ngolo zirikututa, ena agulitsa kale soya ndi mtedza, ndipo m'matumba a ambiri muli kanthu. Ndifuna kulankhula nanu lero lomwe, ndarama zikali m'manja. Pakuti ndikalindira mwezi wa Januwale, mau anga adzapeza nkhokwe zopanda kanthu, ndipo adzamveka ngati citonzo.

Tawerenga za Yosefe m'dziko la Aigupto. Kunadza zaka 7 za zokolola zambiri, ndi pambuyo pace zaka 7 za njala. Uphungu wa Yosefe kwa Farao unali wakuti, pa mitanga isanu iri yonse ya zokolola za zaka zabwinozo, umodzi uziikidwa padera. Tazindikirani cinthu cimodzi: nchito yobvuta inali m'zaka za mwanaalirenji. Wanjala alibe cosunga. Wokhuta ndiye ali naco, ndipo ndiye abvutika kumva uphungu.

Ife sitisowa kumka ku Aigupto kukaphunzira njala. Makolo athu anatisimbira njala ya 1949. Ambiri a inu munaiona ndi maso njala ya 2002. M'Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola minda ndi nyumba ku cigawo ca kumwera; ndi m'Malichi 2024 Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi cifukwa ca kusakolola. Akulu anati, cakudza siciyimba ng'oma. Ndipo ingakhale m'caka cabwino, tiri nayo njala yathu yaing'ono ya Januwale ndi Febuluwale, pamene amene anagulitsa cimanga cace motsika mtengo pa masika apita kukaciombola pa mtengo wowawa.

Koma lero sindinena za ng'amba kapena namondwe, zimene sitingathe kuziletsa. Ndinena za mdani wamng'ono amene ali m'mphamvu yathu. Njobvu ikalowa m'munda, mudzi wonse udzuka ndi ng'oma ndi miuni. Nankafumbwe alowa wopanda phokoso. Thumba liima ciriri, lioneka lodzala, koma tsiku lolimasula mupezamo makoko ndi pfumbi. M'thumba la ndarama mulinso nankafumbwe wace. Ndiye cizolowezi ca kugula tinthu tating'ono tsiku ndi tsiku, wosatisowa konse, koma kuti mtima usangalale ndi kuti dzuwa lilowe.

Tiyeni timtsate munthu mmodzi pa tsiku la msika. Acoka kwao m'mawa atadya, ndipo mkazi wace sanamtume kanthu. Mukamfunsa, ati, Ndingokaona anthu. Afika pa ciwaya, pfungo la chipisi limkoka, nagula. Chipisi ciitana cakumwa coziziritsa kukhosi. Apitirira pa kaunjika, namva mnyamata alikupfuula kuti mtengo wagwa, nagula malaya acisanu, ali nao anai kunyumba. Alowa m'nyumba ya kanema kukaona mpira. Madzulo miyendo yalema, nakwera kabaza pa mtunda umene anauyenda pansi m'mawa. Munthu uyu sanabe, sanaledzere, sanacimwire munthu ali yense. Koma pofika kwao ndarama ya cigayo palibe, ndipo iye mwini sadziwa kumene yalowa. Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Kale munthu wofuna kumwaza ndarama anayenera kuyenda ulendo kumka ku sitoro, ndipo pa njira anali nayo nthawi ya kulingalira. Tsopano sitoro yalowa m'thumba, ndiyo lamya ya m'manja. Lamya ndi cinthu cabwino: iitana dokotala, itiuza mtengo wa mbeu, itibweretsera thandizo la mwana wathu wa ku Joni. Koma ndarama yokhala m'lamya siilemera m'dzanja, ndipo pocoka siiwawa. Munthu agula bandulo ya intaneti madzulo, nakhala pa khonde kufikira pakati pa usiku alikuona anthu osawadziwa alikubvina. M'mawa mwace agula yina.

Ndipo m'lamya momwemo muli njuga ya mpira, imene yagwira anyamata athu, ndi akulu ena omwe. Mundimvetse bwino, inu anyamata. Eni ace a njugayo alipira anchito ao, nalipira nyumba ndi msonkho, natsala ndi phindu. Ndarama zonsezi zicokera kuti? Zicokera kwa obecha. Pakuti mitengo ya njuga iikidwa mwa nzeru, kuti zobwezedwa kwa opambana zicepe kuposa zoponyedwa ndi onse. Mukonda kulumikiza masewera ambiri pa cikalata cimodzi, kuti ndarama yaing'ono ibale yaikuru. Tawerengani ndi ine. Tinene kuti masewera ali onse muli nao mwai umodzi mwa iwiri wa kulosa molondola. Masewera awiri pamodzi, mwai ndi umodzi mwa 4; atatu, umodzi mwa 8; masewera 10, umodzi mwa 1,024. Ndipo mpira uli nazo njira zitatu, kupambana, kugonja ndi kufanana mphamvu. Wopambana mmodzi amveka mudzi wonse. Oluza mazana abwerera kwao cete.

Sindinena izi monga munthu woyera m'manja. Caka cina ine ndemwe ndinadabwa kuti malipiro anga alikutha mwezi usanafike pakati, ndipo ndinayamba kukaikira a m'nyumba mwanga. Mai wa kunyumba anandipatsa kope la ana a sukulu, nati, Bambo, muzilemba kali konse mugula, ndi ine ndizilemba. Pakutha mwezi tinayala makope awiriwo pa mphasa. M'kope lao munali mcere, sopo, mafuta ndi cigayo. M'kope langa munali mandasi, zakumwa, mayunitsi ndi kabaza, tsamba ndi tsamba. Mbala imene ndinaifuna inali itabvala malaya anga. Ndinacita manyazi, ndi kupepesa.

Wina adzati, Koma ndi tindarama tating'ono. Inde, ndi nankafumbwe ali wamng'ono. K500 pa tsiku ndiyo K3,500 pa sabata, ndi K182,500 pa caka. K1,000 pa tsiku ndiyo K365,000 pa caka. Mukafunse pa msika mtengo wa mbuzi, wa lata, wa thumba la fetereza, ndipo mukadziwerengere nokha cimene nankafumbwe wanu wadya. Mwambi uja wakuti pang'ono pang'ono ndi mtolo ugwira mbali zonse ziwiri: mtolo umangidwa ndi nkhuni imodzi imodzi, ndipo umasuka momwemo.

Nanga ticitiranji cotere, tiri anthu anzeru? Cifukwa cimene tigula si chipisi kapena malaya. Tigula kuthawa kusungulumwa. Nchito ya m'munda yatha, masiku atalika, pakhomo pali zii, ndipo mtima ufuna kanthu kouyangalatsa. Ena agula kuti anzao awaone. Ena agula cifukwa atopa ndi nkhawa, ndipo kanthu kozuna kaiwalitsa nkhawayo kamphindi. Kukondwa kwace kukhala pa kuturutsa ndarama, ndipo katundu akafika m'dzanja kukondwako kwatha, mawa kufunika kugulanso. Cifukwa cace munthu wongolumbira kuti, Sindidzagulanso, sakhalitsa. Wacotsa cokondweretsa cace wosaikapo cina, ndipo malo opanda kanthu adzamuitananso ku msika.

Ndimva mafunso atatu m'mitima yanu, ndipo ayenera kuyankhidwa.

Loyamba: Kodi mutiletsa kukondwera ndi thukuta lathu? Iai. Wolima ayenera kulawa. Iphani nkhuku, gulani nyama ndi mpunga, mudye pamodzi ndi ana anu tsiku limene mwapangana. Kucereza mlendo, kupepesa maliro, kuthandiza mbale wodwala, izi si nankafumbwe. Koma pali kusiyana pakati pa phwando la banja lonse ndi kanyenya wodyera yekha kuseri kwa sitoro, ana kunyumba alikudyera nsima mcere.

Laciwiri: Tisungirenji ndarama, popeza ikutha mphamvu? Funso ili ndi loona. M'Meyi 2022 kwacha inacepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100, ndi m'Novembala 2023 ndi magawo 44 pa 100. Amene anakwirira makwacha m'nkhali anataya zambiri ali m'tulo. Koma yankho lace si kudya zonse lero. Yosefe anasunga dzinthu. Sandutsani ndarama ikhale mbuzi yobala, nkhuku, cimanga cothira mankhwala, mbeu yogula nthawi ikalipo, malata limodzi limodzi kufikira denga litakwana. Mbuzi sidziwa za kugwa kwa kwacha.

Lacitatu: Ife ndife osauka, tidzasunga ciani? Sindinena kuti umphawi wonse ucokera ku mandasi. Mtengo wa fetereza suli m'manja mwanu, ndi sikelo ya wogula mbeu siiri m'manja mwanu. Alipo pakati pathu amasiye amene alibe ndi K100 yomwe ya kumwaza, ndipo mau awa sali pa iwo; ali pa ife amene tikadawathandiza ndi zimene timwaza. Koma amene ali nako kakang'ono, ndiye ayenera kukaweta koposa, pakuti dzenje la katapira liri pafupi ndi iye.

Tsono ticite ciani? Ndikupatsani zinthu zisanu.

Coyamba, lembani. Mwezi umodzi wokha, kali konse mugula, ngakhale siwiti. Wosadziwa kulemba aponye mwala m'cikho, kapena mwana wa sukulu amlembere. Simungathe kupha nankafumbwe musanamuone.

Caciwiri, ndarama ipatsidwe nchito tsiku lomwe yafika, mwamuna ndi mkazi atakhala pamodzi. Yambani ndi cakudya: werengani matumba okwanira banja kufikira masika ena, ndipo amenewo asagulitsidwe. Pamenepo mbeu ndi fetereza, zobvala ndi makope a ana, kangacepe ka matenda, ndi copereka canu. Potsiriza patulaninso kandarama ka kusangalala, mukadye ndi mtima woyera, kakatha, katha.

Cacitatu, musamke ku msika wopanda cokagula. Tengani ndarama ya cinthuco yokha, yotsala ikhale kunyumba. Mukaona cokoma m'maso cimene simunacidzere, cigone usiku umodzi. Zambiri zimene mtima uzilira madzulo, m'mawa waziiwala.

Cacinai, ikani cosungaco kumene dzanja silifika msanga. Ambiri a inu mudziwa banki m'khonde, njira imene bungwe la CARE linaiyamba ndi amai a ku Niger m'caka ca 1991. Anthu odziwana asonkha sabata ndi sabata, nabwerekana, nagawana pakutha caka. Bokosi likhala ndi maloko atatu, ndi makiyi kwa anthu atatu. Nzeru yace ndi yakuti maso a anzako akulimbitsa pamene mtima wako wafoka. Koma cenjerani: wokongola ku gulu kuti akagule zokondweretsa wangosamutsa nankafumbwe, kumcotsa m'thumba lace ndi kumuika m'nkhokwe ya anzace.

Cacisanu, ndico cacikuru: dzazani malo otsalawo. Makolo athu anasangalala wopanda khobidi. Bawo likalipo pansi pa mtengo, ndipo silifuna kubecha. Bwalo la mpira likalipo, ndipo kuusewera kuposa kuulosa. Kuli dimba lofuna kuthirira m'cilimwe, limene libweza ndarama m'malo mwa kuidya. Kuli kuyimba, kuluka mphasa, kuumba njerwa, kuceza ndi nkhalamba imene ana ace ali kutali. Ndipo ndi liti munakhala pa moto madzulo ndi ana anu, lamya iri m'nyumba, ndi kuwasimbira nthano? Iwo adzaiwala siwiti zimene munawagulira, koma madzulo amenewo sadzawaiwala.

Mau amodzi kwa inu aphunzitsi. Inu mulandira pa mwezi, ndipo mudzi udziwa tsiku lace. Ngati malipiro anu atha pa sabata yoyamba, ndi dzina lanu likhala m'buku la ngongole la pa sitoro, ana aona, ndipo aphunzira kwa inu phunziro limene simunalilembe pa bolodi. Yambani ndi kope lanu. Ndipo pophunzitsa masamu, apatseni ana awerenge K200 ya tsiku ndi tsiku kuti ikwana zingati pa caka, ndi mwai wa masewera 10 aja. Akauze akuru ao kunyumba.

Abale, masika ano adzapita, monga anapita ena onse. Mvula idzagwa, ndi Febuluwale adzafika pa khomo la yense wa ife, nadzafunsa cimene tinacita ndi zokolola za caka cino. Madzulo ano, musanagone, mwamuna ndi mkazi mukhale pansi ndi nyali, muwerenge matumba anu, mupatule mtanga wacisanu. Ndipo Mwini mvula ndi dzuwa, amene watipatsa zokolola, atipatsenso mtima wokhuta ndi nzeru ya kuzisunga. Amen.