ULULU WA POCHOTSA NDEVU NDI MAGETSI

M'chaka cha 1875, Charles Michel, dokotala wa maso wa mumzinda wa St. Louis ku America, analengeza njira yothandizira odwala amene nsidze zawo zinkapindikira m'kati ndi kumalasa diso. Iye ankaloŵetsa kasingano kolumikizidwa ku batire m'kabowo komwe tsitsi limamera, napha muzu wake. Njirayi imatchedwa electrolysis, ndipo lero amene amaifuna kwambiri ndi amayi amene amamera ndevu, kaŵirikaŵiri chifukwa cha kusokonezeka kwa mahomoni m'thupi. Funso lawo loyamba limakhala lakuti: kodi zimaŵaŵa?

Inde zimaŵaŵa, koma nkofunika kudziŵa kumene ululuwo umachokera. Singano ikaloŵa bwino siboola khungu, imangotsata kabowo ka tsitsi. Choŵaŵa ndi magetsi. Pa njira ya Michel, magetsi amasandutsa madzi ndi mchere za m'kabowomo kukhala soda wootcha, wonga uja apangira sopo. Pa njira ina yotchedwa thermolysis, muzu umaphedwa ndi kutentha. Munthu amamva ngati walumidwa ndi nyerere, pang'ono chabe, koma tsitsi lililonse liyenera kuphedwa palokha. Kubwerezabwerezako ndiko kumatopetsa, makamaka pa mlomo wam'mwamba, kunsi kwa mphuno, pamene misozi imangotuluka yokha.

Tsitsi lophedwa bwino limatuluka lokha likagwidwa ndi chopanira. Munthu akamva kuti likuchita kuzulidwa, ndiye kuti muzu sunafe, ndipo wavutika pachabe. Wogwira ntchitoyo ayenera kuuzidwa nthaŵi yomweyo. Ayeneranso kuuzidwa kutentha kukanyanya, pakuti khungu lakuda likapsa limasiya madontho kapena zipsera zotupa. Kupirira mwakachetechete sikuthandiza pano.

Zochepetsera ululu nzosavuta: kugona mokwanira, kudya asanapite, kusiya khofi tsikulo, kupeŵa masiku a msambo pamene khungu limamva kuŵaŵa msanga, ndi kupempha kuti ntchito ichitike pang'onopang'ono, kopumira. Ena amamwa paracetamol asanayambe.

Alipo mankhwala opaka ochititsa dzanzi, monga EMLA, amene ali ndi lidocaine ndi prilocaine. Amapakidwa ola limodzi ntchito isanayambe, naphimbidwa ndi kapulasitiki. Apa mpamene pali ngozi yaikulu kuposa ululu weniweniwo. M'chaka cha 2007, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza anthu atamwalira amayi aŵiri, wa zaka 22 ndi wa zaka 25, amene anadzola mankhwala a dzanzi miyendo yawo naikulunga m'mapulasitiki pokonzekera kuchotsa cheya ndi laser. Mankhwalawo analoŵa m'magazi mopitirira muyeso, amayiwo anayamba kuphupha, nakomoka osadzukanso. Nchifukwa chake mankhwala otere ayenera kupakidwa pa malo aang'ono okha, pa khungu lopanda bala, ndiponso monga mwa malangizo a dokotala kapena wogulitsa mankhwala wovomerezeka.

Amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, odwala shuga ndi amayi oyembekezera ayambe afunsa kuchipatala. Ndipo aliyense aonetsetse ndi maso ake kuti singano ndi yatsopano, yotulutsidwa m'paketi yomata pamaso pake.