Mafunso Amene Timafunsa Ana Athu: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale ku Goliati

 Ndaimirira kuti ndinenepo za ndalama zimene timasonkha zogulira mphotho za mpikisano wa mafunso, chifukwa sindikukhutira ndi mtundu wa mafunso amene timafunsa ana athuwa.

M'chaka cha 1956, Benjamin Bloom wa ku yunivesite ya Chicago pamodzi ndi anzake okonza mayeso anatulutsa buku losanja kaganizidwe ka wophunzira m'makwerero asanu ndi limodzi. Mu 2001 Lorin Anderson ndi David Krathwohl anawakonzanso motere: kukumbukira, kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuunika, ndipo pamwamba penipeni kupanga chatsopano. Ndawerenga mapepala a mpikisano wathu, ndipo pafupifupi mafunso onse ali pa khwerero loyamba.

Titenge tiyi, popeza ambiri tinaphunzira ndi ndalama za makolo othyola tiyi m'maesiteti. Mukafunsa mwana kuti esiteti ya Satemwa inayamba liti, akayankha kuti 1923, wakhoza, koma wangoloweza basi. Mufunseni tsono chifukwa chake tiyi amakula bwino ku Thyolo ndi ku Mulanje pamene ku Nchalo amalima nzimbe. Pamenepo ayenera kulumikiza mvula, chiperoni, kukwera kwa malo ndi dothi lathu la katondo, ndipo mudzadziwa ngati anamvetsa kapena ankangokopera manotsi. Mukafuna kumukweza, muuzeni kuti bambo wina ali ndi ekala imodzi, alangizidwe kubzala tiyi, amene adzadikira zaka zingapo asanathyole, kapena matimati ogulitsa pa msika wa Goliati. Funso lotere lilibe yankho limodzi, ndipo mwana amene amakhala duu m'kalasi nthawi zina ndiye amaliyankha bwino, poti nkhani za kumunda amazimva kunyumba.

Musandimve molakwa. Kuloweza si tchimo ayi. Mwana wosadziwa matebulo a masamu sangawerengere phindu la matimati aja. Komanso aphunzitsi sindikuwaloza chala. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anachoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo amene tinalipo tikukumbukira makalasi a pansi pa mtengo. Mphunzitsi wokhala ndi ana zana amafunsa zimene angachonge msanga. Ndani angachite mosiyana?

Koma ife pa mpikisano wathu tilibe chotithamangitsa. Yunivesite ya sayansi ya MUST, imene inatsegulidwa ku Ndata mu 2014, ili pakhomo pathu pomwepa. Mwana wathu akakalowa kumeneko sakamufunsa chaka chimene chinthu chinachitika chokha, akamupatsa vuto kuti alithetse. Ku ofesi kumene ndimagwira ntchito nakonso, achinyamata amabwera ndi satifiketi zokongola, koma ukawapatsa malipoti awiri otsutsana kuti anene loona, ena amangokulembera onse awiri.

Pempho langa kwa komiti ndi ili: theka la mphotho za chaka chamawa lipite ku mafunso ofuna kufotokoza ndi kupereka zifukwa, olembedwa papepala. Kuchonga kwake n'kotopetsa, choncho tisasenzetse aphunzitsi okha. Ine ndalemba kale dzina langa, ndipo pepala lili ndi a Mlembi pakhomopo.