Blackpool ndi Magombe a ku England

Lero tipita kutali, ku dziko la England, kukaona kumene anthu a kumeneko amapita pa nthawi ya chuthi. Aphunzitsi, ngati muli ndi mapu a dziko lonse lapansi, apacikeni pakhoma tsopano, ndipo mwana mmodzi aloze Zambia, wina aloze zilumba za Britain.

Mwaona kusiyana kwake? Dziko lathu lazingidwa ndi maiko ena mbali zonse. Munthu wofuna kuona nyanja ya mcere, atakwera sitima ya TAZARA pa Kapiri Mposhi, ayenda makilomita 1,860 asanafike ku Dar es Salaam. Koma ku England kulibe mudzi umene uli kutali ndi gombe koposa makilomita ngati 113, ndiwo mtunda wosafika ngakhale wocokera ku Lusaka kupita ku Kabwe. Mwina muganiza tsono kuti Angelezi akhala akusewera pa gombe kuyambira makedzana. Iai. Zaka mazana atatu zapitazo nyanja inali malo a asodzi ndi amalinyero, ndipo anthu ena onse ankaiona ngati cinthu coopsa cimene cimameza zombo.

Amene anayamba kusintha maganizo amenewa anali madotolo. M'caka ca 1750 dotolo wina wa ku Lewes, dzina lace Richard Russell, analemba buku lonena kuti madzi a m'nyanja amaciritsa matenda ena, ndipo analangiza odwala ake kusamba m'nyanja ndi kumwanso madzi ake amcerewo. Inu musayese zimenezo, pakuti madzi otere amangowonjezera ludzu. Komabe anthu olemera anamukhulupirira, nayamba kukhamukira ku kamudzi ka asodzi kamene lero ndi mzinda wa Brighton. Mwana wa mfumu, amene pambuyo pake anadzakhala Mfumu George IV, anafikako m'caka ca 1783, nakondwera nako, namangitsa nyumba yacifumu yochedwa Royal Pavilion, imene ilipo mpaka lero. Kumpoto, ku Scarborough, anthu anali atayamba kale kusamba m'nyanja ca m'ma 1730. Kasambidwe kake kanali kodabwitsa. Munthu ankalowa m'kanyumba kamatabwa kokhala pa magudumu, kavalo n'kukakokera m'madzi, ndipo iye ankavula ali mkati n'kutsikira m'nyanja popanda womuona. Zonsezi zinali za eni cuma. Wosauka analibe ndalama ya ngolo, analibenso nthawi.

Tsopano pezani mzinda wa Manchester pa mapu, kumpoto cakumadzulo kwa England. Dera lozungulira pamenepo ndi Lancashire, ndipo m'zaka za m'ma 1800 linali lodzala ndi mafakitale opota thonje ndi kuomba nsalu. M'matauni monga Oldham, Bolton, Blackburn ndi Burnley, amuna, akazi ndi ana omwe ankagwira nchito masiku asanu ndi limodzi pa mlungu, kuyambira m'bandakuca mpaka madzulo, m'nyumba zaphokoso, zotentha, zodzala ndi fumbi la thonje limene linkawononga mapapo. Utsi wa malasha unkaphimba dzuwa. Anthu amenewa ndiwo anasandutsa gombe kukhala malo a munthu aliyense, ndipo zinthu ziwiri zinawathandiza.

Coyamba cinali njanji. Sitima inafika ku Blackpool, kamudzi ka pa gombe la Irish Sea, m'caka ca 1846, ndipo ulendo umene unkatenga tsiku lathunthu pa ngolo unayamba kutenga maola ocepa cabe, pa mtengo umene woomba nsalu akadakwanitsa. Caciwiri cinali mwambo umene iwo ankaucha Wakes Week. Tauni iliyonse inali ndi mlungu wake wake pakati pa Juni ndi Seputembala pamene mafakitale onse ankatsekedwa. Eni ake ankakonza makina pa mlungu umenewo, ndipo anchito ankapuma. Koma mvetsani bwino apa: ankapuma osalipidwa. Wosagwira nchito sankalandira kanthu. Nanga ndalama ya ulendo inkacokera kuti? Anchitowo anapanga timagulu tosungitsa ndalama, ndipo mlungu uliwonse, caka conse, aliyense ankaponyamo kangacepe kucokera pa malipiro ake. Inu amene amai anu amacita cilimba ndi anzao pa msika mudziwa kale mzimu wake wa cinthu cimeneci, ngakhale kuti kacitidwe kake kanali kosiyana pang'ono: kumeneko onse ankagawana ndalama zao tsiku limodzi, mlungu wa chuthi utayandikira.

Tsiku lonyamuka likafika, tauni yonse inkatsala bwinja. Masitolo otseka, misewu ili zii. Anthu zikwizikwi ankapanikizana m'masitima apadera, ndipo pofika ku Blackpool munthu ankapeza kuti woyandikana naye nyumba kwao ndiye woyandikana nayenso pa mcenga. Ankagona m'nyumba za alendo zoyang'aniridwa ndi amai amene anachuka cifukwa ca malamulo ao okhwima. Alendo ambiri ankagula okha cakudya, mai wa nyumbayo n'kuwaphikira, ndipo m'nyumba zina ankalipiritsa padera ngakhale mcere ndi tsabola wa patebulo. Anthu angapo ankagona pa kama mmodzi. Sikunali kukhala kwa ufumu ai, koma kwa munthu amene wapuma fumbi miyezi khumi ndi iwiri, mphepo ya kunyanja inali yokwanira.

M'caka ca 1801 ku Blackpool kunali anthu osakwana 500. Pofika 1901 anali atapitirira 47,000. Boma nalo linatsatira pambuyo, pang'onopang'ono: lamulo la 1871 linakhazikitsa masiku anai a chuthi pa caka, ndipo lamulo lopatsa anchito ena mlungu umodzi wa chuthi colipidwa linadza mocedwa, m'caka ca 1938.

Kodi mwana wofika ku Blackpool ankaona ciani? Ali m'sitima, ana ankapikisana kuti ndani ayambe kuona nsanja yacitsulo yochedwa Blackpool Tower. Inatsegulidwa m'caka ca 1894, motsanzira Eiffel Tower ya ku Paris, ndipo kutalika kwake ndi mamita 158. Mathithi athu a Mosi-oa-Tunya amagwa mamita 108, ndiye muone nokha kuti nsanjayo iwaposa ndi mamita angati. Pansi pake pali bwalo la masewero ndi cipinda cacikulu covinira. Kulinso maulalo atatu olowa m'nyanja. Ulalo umene inu muudziwa umaolotsa munthu kupita tsidya lina, koma awa safika tsidya lililonse. Amangopita pamwamba pa madzi n'kuthera pompo, kuti anthu aziyenda pamwamba pa mafunde osanyowa. Woyamba, North Pier, unatsegulidwa mu 1863. Wautali koposa onse m'dzikomo uli kum'mwera, ku Southend, ndipo upitirira makilomita awiri, kotero kuti pamwamba pake pamayenda kasitima.

Mukafunsa nkhalamba za ku England zimene zimakumbukira, kawirikawiri sizichula zazikuluzi. Zimachula tinthu tating'ono: kabekete ndi kafosholo komangira nyumba za mcenga, nsomba yokazinga ndi chipisi zokulungidwa m'pepala, siwiti yaitali ngati ndodo, imene dzina la tauni limalembedwa mkati mwake kucokera nsonga ina kufika nsonga ina, moti kulikonse kumene ungalume umawerenga dzina lomwelo, masewero a zidole a Punch ndi Judy, ndi abulu onyamula ana pa mcenga. Za abuluwa pali cinthu cimene cimandikondweretsa. Ku Blackpool kuli malamulo owateteza: sanyamula munthu wolemera koposa makilogalamu ngati 50, ndipo Lacisanu sagwira nchito. M'tauni yomangidwa ndi anthu ofuna mpumulo, bulu nayenso analandira tsiku lake.

Zimakumbukiranso kuzizira. Cilimwe ca ku England cimagwa mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene ife kuno tikuotha moto, koma ngakhale pamenepo madzi a ku Blackpool safunda kopitirira madigiri ngati 16, ndipo mvula imatha kugwa tsiku lililonse. Abambo ambiri ankakhala pa mpando wansalu atavala jekete, atangopinda buluku kufika m'maondo.

Pali cinthu cina ca pa gombe cimene mwana wa ku Samfya kapena ku Siavonga sanacionepo, ngakhale anakulira m'mbali mwa madzi. Bangweulu ndi Kariba zimadzala ndi kuphwa motsata nyengo ya mvula. Nyanja yaikulu imadzala ndi kuphwa kawiri pa tsiku. Cimene cimacititsa zimenezi makamaka ndi mwezi, umene umakoka madzi a dziko lapansi, dzuwa nalo likuthandiza pang'ono. Madzi akadzala tsopano, adzadzalanso patapita maola 12 ndi mphindi ngati 25. Conco mwana amamanga nyumba yake ya mcenga m'mawa pamalo ouma, masana n'kupeza kuti pamalopo pali madzi omiza munthu wamkulu. Ici si coseweretsa. Kumpoto kwa Blackpool kuli Morecambe Bay, kumene nyanja ikaphwa imasiya mcenga wa makilomita ambiri, ndipo pobwerera imathamanga koposa munthu, imazungulira kumbuyo kudzera m'makwawa n'kumutsekera njira. Usiku wa pa 5 Febuluwale 2004, anchito a ku China oposa 20 amene anatumidwa kukatola nkhono za m'nyanja kumeneko anamira motero. Ndico cifukwa cake pa magombe pamapacikidwa nthawi za kudzala kwa nyanja, ndipo pamene pali alonda anthu amauzidwa kusambira pakati pa mbendera zofiira ndi zacikasu pokha.

Mzinda uliwonse waukulu unali ndi gombe lake lokondedwa, kutsata kumene njanji yake inkaloza. A ku London ankapita ku Southend, ku Margate ndi ku Brighton, ngakhale kuti gombe la Brighton ndi la timiyala, osati mcenga. A ku Leeds ankakonda Scarborough, a ku Bradford ankapita ku Morecambe, a ku Nottingham ndi Leicester ku Skegness, a ku Birmingham ku Weston-super-Mare. Mpaka lero Mngelezi akakuuzani gombe limene alikonda, mukhoza kulota kumene agogo ake ankagwira nchito.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 zinthu zinatembenuka. Maulendo a pandege anatsika mtengo, ndipo anthu anapeza kuti ku Spain dzuwa silinamiza. Mafakitale a nsalu a ku Lancashire anatsekedwa imodzi imodzi, ndipo mwambo wa Wakes Week unafa nao. Siteshoni yaikulu ya Blackpool Central, imene kale inkalandira makamu aja, inatsekedwa mu 1964. Nyumba zambiri za alendo zinasowa alendo, zinagawidwa tizipinda totsika mtengo, ndipo munalowa anthu osowa nchito ndi odwala ocokera kwina. M'caka ca 2019 boma la Britain litawerengera umphawi m'madera ang'onoang'ono a England yense, linapeza kuti mwa madera khumi osaukitsitsa, asanu ndi atatu anali mu Blackpool. Tauni imene imadya za alendo imakhuta miyezi itatu kapena inai, miyezi yotsalayo ogulitsa ayisikilimu ndi oyala makama amakhala pansi.

A ku Blackpool analidziwa vuto limeneli kalekale, ndipo anayesa kulitalikitsa dzinja lao la malonda ndi magetsi. Anayamba mu 1879 ndi nyali zisanu ndi zitatu zokha za magetsi, pa nthawi imene anthu ambiri anali asanaonepo getsi. Lero nyali za mitundumitundu zimayala m'mbali mwa gombe mtunda wa makilomita ngati 10, ndipo zimayatsidwa cilimwe cikamatha, kuti alendo apitirize kubwera usiku utayamba kutalika. Amaziona atakwera sitima zamagetsi za mumsewu, zimene zakhala zikuyenda pa gombepo kuyambira 1885.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa, thandizani ana kupeza Blackpool, Scarborough, Brighton ndi Southend pa mapu, ndipo anene kuti ndi tauni iti imene iyang'ana kotulukira dzuwa ndi iti imene iyang'ana kolowera dzuwa. A Giredi 6 ndi 7 awerengere ici m'makope mwao: ngati nyanja yadzala pa Blackpool nthawi ya 8 koloko m'mawa Lolemba, idzadzalanso nthawi yanji madzulo ake, ndipo nthawi yanji m'mawa wa Laciwiri?