Dooko Limene Linabala Mzinda wa Livingstone

Lero tikambirana za chiyambi cha mzinda wa Livingstone.

Mzindawu unakhazikitsidwa m'chaka cha 1905, koma malowo sanali tchire lopanda eni. Ku Dambwa, pafupi ndi mzindawu, akatswiri anafukula mapale a miphika ndi zotsalira za anthu osula chitsulo amene anakhalako zaka zoposa 1,000 zapitazo. M'mibadwo yotsatira, anthu a Mfumu Mukuni ndi a Mfumu Sekute ndiwo anali eni ake a mtsinje wa Zambezi, namawolotsa apaulendo pa mabwato. Mathithi otchuka aja anali nawo kale maina, Shungu Namutitima ndi Mosi-oa-Tunya, David Livingstone asanawaone mu 1855.

Chimene chinabala mzinda ndi dooko. Kumtunda kwa mathithiwo kunali malo owolokera amene Azungu anawatcha Old Drift. Mu 1898 wamalonda wina, F. J. Clarke, anakhazikika pamenepo, ndipo ena anamtsatira, popeza katundu wopita kumpoto ankawolokera pomwepo. Koma malowo anali otsika ndi odzaza udzudzu, kotero malungo anapha anthu ambiri.

Mlatho wa njanji utatha kumangidwa mu 1905, ntchito ya dooko inatha. Anthu anasamukira pa chitunda cha mchenga pamene pali mzinda tsopano. Mu 1911 Livingstone anakhala likulu la Northern Rhodesia, kufikira mu 1935 pamene boma linasamukira ku Lusaka.

Mbiri imeneyi ingathe kuoneka ndi maso. Manda a ku Old Drift akadalipo m'nkhalango yosungira nyama ya Mosi-oa-Tunya. Nyumba yosungiramo zakale ya Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, imasunga zida za makolo pamodzi ndi makalata a David Livingstone. Komabe mbiri ya owolotsa aja yambiri ili m'mitu ya okalamba, ndipo wokalamba akamwalira osafunsidwa, imapita naye kumanda.

Tsono aphunzitsi, thandizani ana kujambula mapu osonyeza mtsinje, dooko, mlatho ndi mzinda. Inu ana, kafunseni agogo anu kuti mudzi wanu unayamba bwanji, ndiponso dzina lake litanthauzanji. Mukalembe zimene akakuuzeni, mudzawerengere anzanu m'kalasi.

Tsalani bwino, ana inu.