MSONKHO POGULITSA NYUMBA

Tsopano mwadziŵa kuŵerenga, kulemba ndi kuŵerengera. Lero tigwiritsa ntchito nzeru zitatu zonsezi pa nkhani imodzi. Nkhani yake ndi ya msonkho umene munthu amalipira akagulitsa nyumba.

Wina anena kuti, "Ine ndilibe nyumba yogulitsa." Dikirani pang'ono. Ndani pano alibe mbale wake ku Joni? Kale amuna ankapita ku migodi ndi Wenela. Ankagona m'makomboni, ndipo za kugula nyumba panalibe. Lero zinthu zinasintha. Ana athu ena ali ndi nyumba ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town. Enanso ali kunja koma nyumba anamanga ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Tsiku lina nyumba zimenezi zidzagulitsidwa. Kalata yofunsa nzeru idzafika kwa inu, kapena mudzaimbiridwa foni. Nthaŵi zina mwini wake amamwalira, ndipo mapepala amatsala m'manja mwa mkazi ndi ana. Banja likapanda kudziŵa lamulo, ndalama ya thukuta la zaka zambiri imathera panjira.

Tiyamba ndi lamulo la ku South Africa, chifukwa ndi kumene abale athu ambiri ali. Kenaka tidzabwerera kwathu kuno.

MSONKHO ULI PA PHINDU

Mfundo yoyamba ndi iyi. Ku South Africa boma silidula msonkho umenewu pa mtengo wonse wa nyumba. Limadula pa phindu lokha. Phindu ndi ndalama imene yatsala mukachotsa zonse zimene munaononga pogula, pomanga ndi pogulitsa. Pa Chingerezi amautchula kuti capital gains tax. Unayamba pa 1 Okutobala 2001, ndipo bungwe lotolera misonkho kumeneko ndi SARS.

Tengani pensulo tiŵerengere limodzi. Tiyerekeze kuti munthu wina anagula nyumba mu 2010, naigulitsa mu 2024.

Mtengo wogulira: R900,000
Loya ndi mapepala pogula: R40,000
Kumanga chipinda china: R160,000
Malipiro a wotsatsa nyumba: R100,000
Zonse pamodzi: R1,200,000

Nyumbayo anaigulitsa R1,600,000. Chotsani R1,200,000 pa R1,600,000. Mwapeza zingati? Mwapeza R400,000. Limeneli ndilo phindu lake.

Taonani bwino. Chipinda chimene anamanga chachepetsa phindu ndi R160,000, choncho chachepetsanso msonkho. Koma a msonkho sakhulupirira pakamwa. Amafuna malisiti a simenti, a njerwa, a malata ndi a mmisiri. Wopanda malisiti amalipira msonkho pa ndalama imene sanapindule. Dziŵaninso kuti kupaka penti ndi kukonza pamene padontha saŵerengera. Amaŵerengera chinthu choonjezera, monga chipinda, mpanda kapena galaja.

KODI MUNKAGONAMO NOKHA?

Mfundo yachiŵiri ndi funso limene a msonkho amafunsa: kodi mwini wake ankakhala m'nyumbamo, kapena anaikamo alendi?

Lamulo limamvera chisoni munthu wogulitsa nyumba imene iye ndi banja lake akhala akugonamo. Mu 2024, phindu lofika R2,000,000 pa nyumba yotere silinkadulidwa msonkho. Choncho munthu wathu uja, ngati anakhalamo zaka zonse 14, phindu lake la R400,000 ndi lake lonse. Salipira kanthu.

Nanga ngati sanakhalemo ngakhale tsiku limodzi, koma ankangolandira lendi? Pamenepo masamu ndi ena. Mu 2024 ankayamba achotsa R40,000, imene munthu aliyense ankakhululukidwa pa chaka. Zitsala R360,000. Pa ndalama imeneyi amatenga R40 pa R100 iliyonse. Zikwana R144,000. Musadabwe, R144,000 si msonkho ayi. Ndi ndalama imene amaiphatikiza ndi malipiro ndi lendi ya chaka chimenecho, ndipo msonkho amauŵerengera pa zonsezo. Wopeza zochepa amalipira zochepa. Wolemera kwambiri ankalipira mpaka R18 pa R100 iliyonse ya phindu.

Pali njira yachitatu, ndipo ndi imene imagwera abale athu ambiri. Munthu wakhala m'nyumba zaka 7. Kenaka wabwerera kumudzi, naikamo alendi zaka zina 7, ndipo sanakhalemonso. Pogulitsa, phindu amaligaŵa potsata zaka. Theka la R400,000, ndiye kuti R200,000, likhululukidwa chifukwa cha zaka zimene ankagonamo. Theka linalo liloŵa m'masamu a msonkho.

Ziŵerengero zimenezi zimasintha. Nduna ya zachuma kumeneko imalengeza ndondomeko ya chuma chaka ndi chaka, kaŵirikaŵiri mu Febuluwale. Ndakupatsani za 2024 kuti muphunzire njira yake. Pogulitsa, funsani chiŵerengero cha chaka chimenecho.

WOKHALA M'DZIKO NDI WOKHALA KUNJA

Tafika pamutu pa nkhani yathu. Mvetserani bwino.

A msonkho amagaŵa anthu paŵiri. Pali wokhala m'dziko, ndipo pali wokhala kunja. Poŵeruza zimenezi sayang'ana mtundu wanu kapena pasipoti yanu. Mmalaŵi akhoza kukhala "wokhala m'dziko" ku South Africa. Mbadwa ya komweko imene inasamukira ku London ikhoza kukhala "wokhala kunja."

Amayesa m'njira ziŵiri. Njira yoyamba ndi kufunsa kuti, kodi kwanu kweni-kweni ndi kuti? Kodi mukayenda-yenda, mumabwerera kuti kukapumula? Kumene kuli banja lanu ndi katundu wanu, ndiko kwanu. Njira yachiŵiri ndi kuŵerenga masiku. Munthu amene wakhala m'dzikomo masiku opitirira 91 chaka chino, masiku opitirira 91 chaka chilichonse pa zaka zisanu zapitazo, ndiponso masiku opitirira 915 pa zaka zisanuzo pamodzi, amaŵerengedwa wokhala m'dziko. Mwaona ntchito ya zidindo za m'pasipoti? Musataye pasipoti yakale.

Chifukwa chiyani kusiyanaku kuli kofunika? Onse aŵiri amalipira msonkho pa phindu, pakuti nyumba ili pa nthaka ya South Africa. Koma amasiyana pa nthaŵi yolipira. Wokhala m'dziko amalandira ndalama zake zonse, nadzalipira msonkho pambuyo pake. Wokhala kunja ndi wovuta kumutsata akadutsa pa Beitbridge. Choncho kuyambira mu 2007 boma linaika lamulo lakuti ndalama ina izigwidwa asanalandire.

Lamulo limeneli limagwira nyumba ya mtengo wopitirira R2,000,000. Kuyambira mu 2017, wogula kapena loya wosintha umwini amagwira R7.50 pa R100 iliyonse, natumiza ku SARS. Ngati wogulitsa ndi kampani, amagwira R10. Apa chenjerani. Ndalama yogwidwayi saiŵerengera pa phindu, koma pa mtengo wonse wa nyumba.

Tiŵerengerenso. Munthu anabwerera ku Malaŵi zaka zitatu zapitazo. Wagulitsa nyumba yake R2,400,000. Pa R100 iliyonse agwira R7.50. Zonse pamodzi ndi R180,000. Iye anali atapangana kale ndi mmisiri kumudzi, poganiza kuti alandira zonse. Tsopano ndalama yapereŵera.

Kodi R180,000 imeneyi yapita? Iyai. Ili ngati chikole. Msonkho weni-weni ukhoza kukhala wochepa, mwinanso wosakhalapo konse. Pali njira ziŵiri zoipulumutsira. Yoyamba ndi kupempha SARS, malonda asanathe, kuti igwire zochepa kapena isagwire konse. Loya amadziŵa fomu yake. Yachiŵiri ndi kutumiza fomu ya msonkho chaka chikatha. Chaka cha msonkho kumeneko chimayamba pa 1 Malichi, nkutha kumapeto kwa Febuluwale. Akaona kuti anagwira zambiri, amabweza zotsala. Koma wokhala chete osatumiza fomu m'nthaŵi yake, boma likhoza kutenga ndalama yonse yogwidwayo ngati msonkho wake. Akulu anati safunsa anadya phula.

Wina akhoza kuganiza zonama, kunena kuti akhalabe komweko. Musayese. Lamulo limalanga wogula ndi loya amene anadziŵa koma osagwira ndalama, choncho iwo amafunsa mafunso ambiri ndi kuona mapepala.

Pali ngongole inanso. Wogulitsa ayenera kumaliza zonse za ku khonsolo ya mzinda, monga msonkho wa nyumba ndi madzi. Popanda kalata ya khonsolo, ofesi yolembetsa malo sisintha dzina. Koma msonkho wosinthira umwini ndi wa wogula, si wa wogulitsa.

MAIKO ENA

Dziko lililonse lili ndi lamulo lake. Ku Britain, kuyambira mu Epulo 2015, wokhala kunja amalipira msonkho pa phindu la nyumba ya kumeneko. Kuyambira mu Okutobala 2021 amapatsidwa masiku 60 okha kuti adziŵitse a msonkho, ngakhale palibe choti alipire. Ku Zambia wogulitsa amalipira msonkho wosinthira umwini, ndipo amauŵerengera pa mtengo wa nyumba, osati pa phindu. Choncho musatenge nzeru ya dziko lina nkuigwiritsa ntchito kwina.

NANGA KWATHU KUNO?

Kuno ku Malaŵi misonkho amatolera a MRA, amene anayamba ntchito mu 2000. Likulu lawo ndi Msonkho House ku Blantyre, ndipo ali ndi maofesi m'madera ena.

Lamulo lathu limayang'ana kumene ndalama yachokera. Nyumba ikakhala ku Zomba, phindu lake lachokera ku Malaŵi, ngakhale mwini wake akhale ku Cape Town. Phindu limeneli amaliŵerengera pamodzi ndi ndalama zina zimene munthu wapeza. Lamulo lathunso limakhululukira nyumba imene mwini wake amakhalamo ngati kwawo kweni-kweni. Koma mwana wanu amene ali kunja zaka khumi, nyumba yake mukukhala alendi, asangoganiza kuti wakhululukidwa. Ayambe wafunsa ku MRA.

Pogulitsa nyumba ya mapepala m'tauni pamafunika kalata ya MRA yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Kuti muipeze muyenera kukhala ndi nambala yanu ya msonkho, imene amaitchula TPIN. Malizaninso msonkho wa ku khonsolo ya mzinda. Ngati mwini wake ali kunja, alembe kalata ya lamulo yokupatsani mphamvu yomuimira, yosainidwa pamaso pa loya. Mau a pa foni si umboni.

Malo a kumudzi ndi nkhani ina. Kumeneko abale ndi mfumu ali ndi mau, ndipo pali Lamulo la malo a makolo la 2016. Musagulitse malo a banja mobisa.

ZOYENERA KUCHITA

1. Sungani mapepala onse a nyumba m'chikwama cha pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi mvula.
2. Lembani m'kope chaka chimene mwini nyumba analoŵamo, chaka chimene anatulukamo, ndi chaka chimene alendi analoŵa.
3. Funsani za msonkho musanagwirizane mtengo, osati mutalandira ndalama.
4. Uzani loya zoona za kumene wogulitsa akukhala.
5. Musapatse dobadoba ndalama ya msonkho m'manja. Lipirani ku banki kapena ku ofesi, ndipo tengani lisiti.
6. Musasaine pepala limene simunaŵerenge. Likakhala la Chingerezi, pezani munthu wokhulupirika akumasulireni mzere ndi mzere.

Amai, mau aŵa ndi anunso. Funsani amuna anu ndi ana anu kumene amasunga mapepala a nyumba, ndiponso dzina limene linalembedwapo. Kufunsa zimenezi si mwano, ndiponso si kulosera maliro. Ndi kusamala ana.

Msonkho ndi umene umamanga misewu, zipatala ndi sukulu. Tiyenera kulipira umene lamulo likufuna. Koma palibe lamulo lakuti tilipire wopitirira. Kale munkadinda chala pamene wina wakulozerani. Lero mungathe kugwira pepala nokha, kuŵerenga mtengo, ndi kufunsa kuti, "Ndalama iyi mwaidula chifukwa chiyani?" Pitani mukauze abale anu.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi phindu nchiyani?
2. Munthu anaononga R700,000 pogula ndi pomanga nyumba. Waigulitsa R950,000. Phindu lake ndi zingati?
3. Kodi pasipoti yokha ingasonyeze kuti munthu ndi wokhala m'dziko pa nkhani ya msonkho?
4. Wokhala kunja wagulitsa nyumba ku South Africa pa mtengo wa R3,000,000. Pa R100 iliyonse agwira R7.50. Agwira zingati zonse pamodzi?
5. Lembani kalata yaifupi kwa mbale wanu amene ali kunja. Mumuuze mapepala atatu amene ayenera kusunga.