ZA LAMULO LOLETSA KUWETA NJOKA NDI NYAMA ZA M'THENGO PA KHOMO

Mau amene analankhulidwa pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu ku Lilongwe

 Komiti inandipempha kuti ndilongosole lamulo la Boma lonena za kusunga njoka ndi nyama zina za m'thengo pa khomo, pakuti ambiri a ife agwira nchito m'nyumba za ku Area 10, Area 12, Area 43 ndi Area 3, ena aulonda, ena a m'maluwa, ena ophika. M'mipanda yaitali ya kumeneko muli malo okwanira kubisamo khola. Ndipo amene adyetsa nyama ya m'kholamo, naisesera, nalumidwa nayo, kawirikawiri sakhala mwini nyumba iai, koma wanchito. Ndiponso alipo anyamata athu amene aima m'mbali mwa miseu ndi kamba kapena kamwana ka pusi m'manja, kuyembekeza galimoto ya munthu wa ndalama. Mlandu ukabuka, woyamba kugwidwa ndiye mnyamatayo. Chotero nkhani iyi ndi yathu.

Poyamba tinene lamulo lenilenilo. Dzina lache ndilo National Parks and Wildlife Act, ndipo Nyumba ya Malamulo inalikhazika m'chaka cha 1992, nilikonzanso mu 2004 ndi mu 2017. Maziko ache ndi awa: nyama iri yonse ya m'thengo imene ikhala m'malo ache achibadwa m'dziko la Malawi iri m'manja mwa Pulezidenti, amene aisunga m'malo mwa anthu onse a dziko lino. Tsono munthu sangathe kunena kuti, nyama iyi ndinaitola ndekha m'munda mwanga, chifukwa chache ndi yanga. Wofuna kusunga nyama ya m'thengo m'khola ayenera kukhala ndi laisensi yochokera ku Dipatimenti ya Boma yoyang'anira nyama za m'thengo. Ndipo wogula, wogulitsa, kapena wongopezeka ndi nyama yotetezedwa, kapena chikopa chache, kapena mazira ache, wopanda kalata ya chilolezo, walakwira lamulo. Zindikirani mau akuti kupezeka nayo. Bwalo silidikira umboni wakuti munaipha kapena munaigulitsa. Kuti iri m'manja mwanu kapena m'thumba lanu, umenewo ndi mlandu kale.

Lamuloli lagawa nyama m'magulu, ndipo chilango chikwera monga mwa gulu lache. Gulu la pamwamba ndilo la njobvu, chipembere ndi ngaka. Kuyambira mu 2017, munthu wopezeka wolakwa pa nyama za gulu ili akhoza kulamulidwa kukhala m'ndende kufikira zaka 30, ndipo palibe mwai wa kulipira faindi m'malo mwa ndende. Magulu a pansi ali ndi zilango zocheperapo, koma m'menemonso muli ndende ndi faindi yolemera, yoposa malipiro a mlonda a zaka zambiri.

Ndinena za ngaka makamaka, pakuti yalowetsa anthu osauka ambiri m'ndende. Munthu aipeza pa chulu, ndipo popeza yangodzipinda yosathawa, ainyamula, atamva mbiri yakuti mu mzinda alipo ogula. Komatu ngaka sidya chimanga kapena madeya. Chakudya chache ndi nyerere ndi chiswe zokha, zimene ifukula usiku. Ikakhala m'thumba masiku angapo ifooka nifa, ndipo munthu uja atsala ndi mtembo ndi mlandu. Maiko a dziko lapansi ali ndi pangano la malonda a nyama ndi zomera lotchedwa CITES, limene linalembedwa ku Washington mu 1973, ndipo Malawi analowamo mu 1982. Pa msonkhano wa panganoli ku Johannesburg mu 2016 anagwirizana kuletsa malonda onse a ngaka pakati pa maiko, ndi a zinkhwe zotuwa za ku nkhalango za ku Congo, zija ziphunzira kulankhula. Chotero ngakhale mbalame ya m'khola la pa khonde iri ndi malamulo ache.

Tsopano mwina wina afunsa mumtima mwache: Kodi lamulo lotere silichokera kwa Azungu? Funsoli ndi loyenera, ndipo tisalithawe. M'masiku a Nyasaland, Boma linaika lamulo la nyama la 1926 limene linapanikiza eni dziko pa kusaka, pamene nguluwe, anyani ndi njobvu zinali kutha minda yao; ndipo amishoni pamodzi ndi mabungwe a eni dziko, amene ife tiri zidzukulu zao, anadandaula nalo kwambiri. Anachita bwino kudandaula, pakuti lamulo lija linasungira nyama anthu a mfuti ndi ndalama. Koma lamulo la lero linakhazikidwa ndi aphungu athu, ndipo limanga Mzungu, Mmwenye ndi Mmalawi chimodzimodzi. Silitichotsera ufulu wa kudziteteza: lilola munthu kupha nyama yotetezedwa pamene palibe njira ina yopulumutsira moyo wache, kapena wa mnzache, kapena mbeu ndi ziweto zache, koma afotokoze msanga kwa a Boma, ndipo asasunge chikopa kapena nyanga ngati zache. Chimene lamulo likaniza ndicho kusandutsa chuma cha pfuko lonse kukhala choseweretsa cha munthu mmodzi.

Ndipo pa ichi makolo athu sakadatsutsa. Ku Msinja, m'boma lathu lomwe lino, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, kunali kachisi wa mvula wa Makewana, ndipo njoka Thunga inalemekezedwa ngati mthenga wa Chisumphi. Ku Khulubvi m'boma la Nsanje nsato iyenderana ndi dzina la Mbona. Kwa Ashona a ku Zimbabwe, wopeza ngaka anaipereka kwa mfumu. Nyama zotere zinali za dziko lonse, ndipo munthu sanaziyese malonda.

Tione tsono zifukwa zache za lamuloli, ndipo ndinena zitatu.

Choyamba ndi moyo wa anthu. Mwana wa njoka ndi njoka. Nsato yaing'ono ikwana m'bokosi la nsapato, koma ikula kufikira mamita anai kapena kuposa, ndipo ngakhale iribe ululu, iri ndi mphamvu ya kupana gwape kufikira afe. M'mwezi wa August 2013, ku Campbellton m'dziko la Canada, nsato ya ku Africa inatuluka m'khola lache usiku, nilowa m'paipi ya mpweya, nigwera m'chipinda m'mene munagona ana awiri apachibale, wa zaka 4 ndi wa zaka 6, niwapha onse awiri. M'mwezi wa October 2011, ku Zanesville m'chigawo cha Ohio ku Amereka, munthu wina anatsegula makola ache natulutsa nyama zolusa pafupifupi 50, ndipo apolisi anakakamizidwa kuombera zoposa 40, mwa izo mikango 17 ndi akambuku a mizere a ku Asia 18. Ku Amereka chigawo chiri chonse chiri ndi malamulo ache pa nkhani iyi, ndipo a Ohio anali ofooka. Mu 2012 anaika lamulo lolimba, koma zoipa zitachitika kale. Ku Mangalande anaika lao mu 1976, lakuti wosunga nyama yoopsya atenge laisensi. Onani kuti maiko olemera, okhala ndi zipatala zambiri, anaona kuti mpanda wa munthu mmodzi sukwanira kuchinjiriza anansi ache.

Nanga njoka za ululu? Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, liwerengera kuti anthu ofa ndi njoka chaka chiri chonse ali pakati pa 81,000 ndi 138,000, ndipo mu 2017 linaika kulumidwa ndi njoka m'gulu la matenda onyalanyazidwa a maiko otentha. Mankhwala a ululu apangidwa molingana ndi mitundu ya njoka. Opangidwira mphiri ndi mamba sangathandize munthu wolumidwa ndi njoka yochokera ku India kapena ku Brazil. Tsono munthu amene aitanitsa njoka yachilendo kuti akondweretse alendo ache waika wanchito wache ndi ana a mnansi wache pa ngozi imene dokotala angathe kusowa nayo chochita.

Chachiwiri ndi nyama yomwe. Kamwana ka pusi kapena ka nyani sikachoka pa mimba ya amache mwaufulu. Kuti kafike pa mseu, kawirikawiri amache aphedwa. Kali kakang'ono kakondweretsa ana, kamwa mkaka m'botolo, kabvekedwa ngakhale malaya. Koma pakupita zaka zinai kapena zisanu mano akula, mtima wa m'thengo ubwera, ndipo tsiku lina aluma mwana. Pamenepo am'manga chingwe m'chuuno pa mtengo wa mango, chingwe chilowa m'mnofu, ndipo nyama imene Mlengi anaipanga kuti iyende m'gulu la anzache ikhala yokha zaka zambiri, pakuti pusi wosungidwa akhoza kupitirira zaka 20. Ndiponso pakati pa anyani ndi anthu matenda apatsirana mosabvuta, ndipo akamba ndi njoka anyamula tizirombo totsegula m'mimba, toopsya kwa makanda.

Chachitatu ndi dziko. Munthu akatopa ndi nyama yachilendo aitaya ku thengo. Ku Florida anthu anaweta nsato za ku Burma. Zina zinathawa, zina zinatayidwa, ndipo zinaswana m'madambo a Everglades kufikira nyama zazing'ono za kumeneko zinachepa koopsya. Mu 2012 Boma la Amereka linaletsa kulowetsa nsatozo m'dziko, koma kufikira lero alenje alipidwa kuzisaka ndipo sizikutha. Dziko lathu ndi lofunda, la madambo ndi mitsinje. Njoka yachilendo yotayidwa mu Lingadzi kapena mu mtsinje wa Lilongwe ingathe kupeza kwao.

Tiri ndi mwai ife a mzinda uno, pakuti pakati pa Old Town ndi City Centre, m'nkhalango ya m'mbali mwa Lingadzi, pali malo otchedwa Lilongwe Wildlife Centre, amene anayamba mu 2007 ndi chithandizo cha bungwe la Born Free la ku Mangalande. Kumeneko alandira nyama zolandidwa kwa ogulitsa, zobvulala ndi zamasiye. Apusi ndi anyani amene anakulira pa chingwe awaphatikiza pang'ono pang'ono kuti akhale gulu, ndipo magulu ena anawabwezera ku nkhalango ya Kasungu. Anasungako ndi mkango waukazi wa diso limodzi, dzina lache Bella, umene unachokera ku malo oonetserako nyama ku Romania mu 2009. Taganizani: mkango wa Africa unazunzika m'chisanu cha Ulaya, ndipo panafunika ndege ndi ndalama zambiri kuti uponde dothi la kuno. Amene sanafikeko apite ndi ana ao. Adzaona nchito yaikuru imene ifunika kukonza chimene munthu mmodzi anaononga ndi kugula kwa tsiku limodzi.

Potsiriza ndipereka malangizo anai, kuti tiwatengere kwa anzathu amene sanabwere.

Loyamba: musagule nyama ya m'thengo pa mseu, ngakhale chifukwa cha chifundo. Ndalama imene mupereka kuti mupulumutse kamwana kamodzi ituma mnyamata uja kukapha mai wina mawa.

Lachiwiri: bwana akakutumani kukam'funira kamba, kadzidzi, gwape kapena nsato, kanani mwaulemu, nimumuuze kuti lamulo lifuna laisensi. Akanena kuti ali nayo, palibe choipa kupempha kuti muione, pakuti safunsa anadya phula. Thumba likapezeka pa njinga yanu, mau akuti ndinatumidwa sadzakutulutsani m'manja mwa apolisi. Ndipo wanchito amene achotsedwa chifukwa chokana kuswa lamulo abwere ku komiti, kuti timuperekeze ku ofesi ya za nchito.

Lachitatu: ngati pa khomo panu pali nyama yotere kale, kapena mwapeza ngaka m'munda, musaibise ndipo musayende nayo kufuna wogula. Uzani a Dipatimenti ya nyama za m'thengo, kapena apolisi, kapena a ku Wildlife Centre, ndipo mfumu yanu idziwe. Wofotokoza yekha aima pabwino koposa wogwidwa.

Lachinai: njoka ikalowa m'nyumba, tulutsani ana, tsekani chitseko, nimuitane odziwa kugwira njoka, ambiri alumidwa pamene alimbana nayo. Munthu akalumidwa, musacheke bala, musayamwe, musamange chingwe cholimba. Agone phe, chiwalocho chisagwedezeke, ndipo mufulumire naye ku chipatala. Njoka ikam'labvulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo.

Bambo Wapampando, ndipempha kuti malangizo awa alembedwe m'lipoti la chaka chino, ndi kuti komiti iitane mmodzi wa akulu a Dipatimenti adzayankhe mafunso athu pa msonkhano ukudzawo. Wakutsina khutu ndi mnansi.